Adati Akungogwirizira Mpando

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mumawerenga tsamba langali. Ena mwakhala mukundifunsa chimene chidandiondetsa miyezi yapitayi. Sindinkadwala ayi. Chinkandidya ndi mwayi wa maphunziro umene unkandipulumuka m'manja ine ndikuona.

Ndine dokotala wa ana, ndipo ndimaphunzitsa ophunzira udokotala pachipatala china kuno ku Lilongwe. Kudipatimenti kwathu kudali kachitidwe kake. Opita kunja kukaphunzira ukadaulo ankapita motsata mzere, koma mzerewo unkakhala m'mutu mwa a Pulofesa, mkulu wa dipatimenti. Akangokuuza kuti "chaka chamawa ndi inu", nkhani yatha. Ine adandiuza choncho, ndipo sukulu ina yakunja idandipatsa malo oti ndikaphunzire za matenda a impso a ana. Chidangotsala n'chakuti akuntchito andimasule.

Kenaka a Pulofesa adapuma pantchito. Tidawavinira, tidawapatsa mphatso, iwo n'kupita kwawo ku Area 47, mzere uja uli m'mutu. Pampando padakhala dokotala wina wongogwirizira. Munthu wabwino ndithu, wopemphera, koma yankho lake lidali limodzi: "Adokotala, ine ndikungogwirizira. Nkhani yaikulu chonchi idikire eni mpando." Eni mpandowo sankabwera. Ndikapita kumaofesi a unduna ku City Centre ankati nkhaniyi iyambire kudipatimenti, ndikabwerera kudipatimenti ankati ichokere kumtunda. Ndinkangozungulira ngati mbuzi yapachingwe.

Tsiku lina ogwirizirawo adatulutsa chimene chidali kumtima. "Mukapita inu, makalasi anu aphunzitsa ndani? Wodi ya ana ayendera ndani?" Sankanama, tidalidi ochepa. Koma dipatimenti imafa choncho. Simutumiza munthu kukaphunzira chifukwa ndinu ochepa, ndiye mumakhalabe ochepa chifukwa simutumiza munthu. Uku ana odwala impso ankabwerabe, ife n'kumachita zomwe tingathe, podziwa kuti sizikukwana.

Sukulu ija idandidziwitsa kuti ndikapanda kutsimikiza mwezi usanathe, malo anga apatsa wina. Ndinene mosabisa, ndidakwiya. Ndidakwiyira ogwirizira. Ndidakwiyira kwambiri a Pulofesa, amene adatsogolera zaka zonsezo koma osasiyira wowalowa m'malo dongosolo lililonse. Ngakhale pemphero langa silidali lokongola. Ndinkati, "Ambuye, ngati simukufuna kuti ndipite, mudanditsegulira khomo bwanji?" Amuna anga ankangondiyang'ana, akuopa kuti akayankhula mkwiyowo ugwera iwo.

Loweruka lina ndidapita ku Msika wa Tsoka kukasaka nsapato za mwana wanga pakaunjika. Potembenuka, ndidaona a Pulofesa akusankha jekete. Ndidafuna kuzemba, koma adali atandiona kale.

"Adokotala, mukadali kuno? Ine ndimayesa mudapita kalekale."

Ndidawauza zonse, ndipo mawu sindidasankhe. Ndidati, "Bambo, mudachoka ndi mzere wanu, ife n'kutisiya pamtetete."

Adabweza jekete lija pamulu. Kenaka adati, "Ndiye vuto ndi makalasi ndi wodi basi? Nanga ine kunyumba ndikuchita chiyani? Ndimangothirira maluwa, mpaka mayi akunyumba atopa nane."

Ndidayesa ndi mawu ongondipepesa. Koma Lolemba m'mawa ndidawapeza atakhala pabenchi, panja pa ofesi imene idali yawo, akudikira kuitanidwa ngati wina aliyense. Atalowa adauza ogwirizira aja kuti atenga makalasi anga ndi wodi yanga mpaka nditabwerako, ndiponso kuti aziwamvera ogwirizirawo monga mkulu wawo. Adatinso, "Kugwirizira si mlandu. Lero mpandowu ndi wanu, mumasuleni mnzathuyu." Ogwirizirawo adandimasula tsiku lomwelo. Madzulo ake awiriwo adakhala pansi kukambirana za amene adzapite ine ndikabwerako, zimene zikadachitika kale zikadandisungira mnofu wanga.

Sindinama kuti zonse zalongosoka. Mpaka lero mpando uja ngwongogwirizira, ndipo zimandiwawabe kuti tsogolo la munthu lizidalira kukumana pakaunjika. Inu amene muli pamipando, phunzitsani okulowani m'malo musanavule jekete loyera.

Koma ndege yanga inyamuka sabata yamawa. Dzulo ndidadutsa kuwodi kukatsanzika, ndidaona a Pulofesa atawerama pabedi la kamwana kotupa miyendo, ophunzira anga atawazungulira. Ndidabwerera pakhomo, misozi ili chuchuchu.

Ndikuthokoza Mulungu amene adamva pemphero laukali osanditaya. Inu amene mwatopa ndi kudikira, musaleke kugogoda, ndipo musamusankhire Mulungu wokuthandizani. Kwa ine adatuma munthu amene ndinkafuna kumuzemba.