Ulusi wa m'Kachirombo ka Malungo

Mu 1956, pamsika wa Nkhata Bay, Levi Mhone, woyeza magazi kuchipatala, ankagula ufa wa kondowole kwa mayi wina amene ankadandaula kuti mwana wake amulodza.

"Palibe wamulodza, ama. Amenewo ndi malungo. Kachirombo kake ndimakaona m'magazi pagalasi loyezera, kali ndi kadontho kofiira."

"Kadonthoko n'chiyani, ada?"

"Ndi ulusi wa moyo wake. Adokotala akuti timibulu totchedwa histoni timaugwira, n'kuupinda bwinobwino kuti ukwanemo."

Mbale ya ufa inamupulumuka mayiyo.

"Ulusi, m'magazi a mwana wanga? Wopindidwa bwinobwino?"

"Eya, koma n'chilengedwe chabe."

"Ulusi sudzipinda wokha, ada. Kwathu konse wa makina osokera ndi mmodzi, mlamu wanga Tryphena. Mundionereko ufawu, ndikubwera."