Pempho la Foni za Mabatani

Malemu a Vinsenti Chadewa anabadwa pa 9 Meyi 1980 m'mudzi uno, kuseri kwa Nachisaka. Pa 3 Febuluwale 2004 anaima pa manda ano n'kulonjeza. Tsikulo tinkaika mlongo wathu Sabina, amene anafera m'njira ali ndi pakati, tikupita naye kuchipatala. Malemu anagwira dzanja la mayi athu n'kunena kuti pamudzi pano sipadzafanso munthu chifukwa chosowa galimoto. Ine Agustino, mkulu wawo, ndinamva ndi makutu anga. Chaka chomwecho ndinapita kunja, ndipo ndafika Lachiwiri lapitali. Mapiri ndawapeza ometedwa, mitengo inathera m'zigafa za fodya. Msewu wokha ndi umene wandidikira osasintha.

Pulaimale anaphunzira konkuno, sekondale ku Ntchisi, kenako zamakompyuta ku Blantyre, kumene anamaliza mu 2006. Mu 2010 anamanga banja ndi mayi Luckness.

Mu 2015 analembedwa ntchito ku kampani ina ku Lilongwe, yopanga pulogalamu ya pafoni yoitanira galimoto yachipatala. Mayi anandiimbira akululutira. Ntchito ya malemu, anamfedwa inu, sinali yolemba pulogalamuyo ayi. Inali yosankha. Anthu amapempha zambiri, amisiri ndi ochepa, ndiye pamafunika munthu wonena kuti ichi chiyambe, icho chidikire. Apa m'bale wanga anali katswiri. Anakonza njira yoti pempho lililonse lizilandira malikisi potengera anthu olivotera. Anakaifotokoza m'misonkhano ya m'mahotela, anthu ovala bwino n'kumawomba m'manja. Zomwe analemba ndinaziwerenga zonse. Mulibe cholakwika ngakhale chimodzi.

Pempho la kuno linali limodzi: pulogalamu izigwira pa foni ya mabatani, poti intaneti m'mapiri muno mumachita kuikwerera pachulu. Koma kuvota kunkachitika pa pulogalamu yomweyo. Opanda intaneti sanavote, ndipo malikisi anaonetsa kuti safuna kanthu. Zimene zinapambana ndi mapu okongola, chithunzi cha dalaivala, ndi tinyenyezi toyamikira ulendo. Mayi akafunsa pa Khirisimasi, malemu ankati zili m'gawo lotsatira. Mayi anafika poloweza mawuwo, mpaka zidzukulu zikapempha nzimbe ankaziyankha kuti zili m'gawo lotsatira.

Mu 2021 a Elube, alangizi athu a zaumoyo, anakwera minibasi kukawaona ku ofesi. Malemu anawalandira bwino, anawamwetsa tiyi, n'kuwauza kuti munthu akayamba kukondera kwawo, njira yonse itaya ulemu. Mu 2022 nambala imene munthu ankangoimba pa foni iliyonse poitana galimotoyo inapeza malikisi ochepa, ndipo anaichotsa. Chaka chomwecho anakwezedwa pa udindo.

Pa 14 Malichi chaka chino anabwera kudzaona mayi. Galimoto yawo yaing'ono anaisiya paboma chifukwa cha matope. Pa 16, atadya, anagwa pakhonde, mbali imodzi ya thupi itauma. Akazi awo anathamangira pachulu ndi foni yamakono ija, pulogalamu ili momo, kachizindikiro n'kumangozungulira. Mayi anakhala pansi pambali pa mwana wawo, foni ya mabatani ili m'manja, netiweki yodzaza.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, Naomi, Luka ndi Mercy, mayi athu a Faines, ndi ine.

A banja akuthokoza mpingo, amayi amene agona pasiwa, ndi adzukulu amene akumba m'nthaka yonyowa chonchi. Tikuthokoza akampani chifukwa cha nkhata yaikulu ija. Yafika pa nthawi yake. Tikuthokoza a Obed, amene anamasula ng'ombe zawo kubusa osafunsa kanthu.

Mzimu wawo uwuse mumtendere. Anatsirizikira pa ngolo ya a Obed, padambo, asanafike pamsewu waukulu.