Bambo Ambrose Havlik ndi Chibeseni Chawo

Malemu Bambo Ambrose Havlik, omwe tabwera kudzawaperekeza m'mawa uno, anabadwa pa 14 Malichi 1936 m'kamudzi ka migodi ya malasha kumapiri a ku Pennsylvania. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene banja landituma kuti ndiyankhule ndine Leonard Dombeck, mlamu wawo, mlongo wake wa malemu akazi awo, Mayi Loretta.

Bambo awo anamwalira ndi chifuwa cha m'migodi malemuwa ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Pobwera kumanda, mayi awo analumbira kuti palibe mwana wawo adzalowenso pansi pa nthaka kukafuna chakudya. Choncho malemu analimbikira sukulu. Anamaliza sekondale mu 1954, nakhala zaka ziwiri ku usilikali komwe ankamanga milatho, kenako analowa yunivesite ndi kutulukako mu 1960 ali injiniya wa zomangamanga.

Chaka chomwecho anafika mumzinda wathu uno wa Marlow Falls, atalembedwa ntchito pa kampani yojambula mapulani a nyumba zikuluzikulu. Anapeza chipinda ku Kumadoko, dera lomwe ife a Dombeck tinabadwira, pomwe bambo athu anali ndi bekale. Sipanapite nthawi, bambo anayamba kudabwa kuti mnyamata wokhala yekha akugula bwanji buledi kawiri patsiku, ndipo nthawi zonse pamene pakauntala pali Loretta. Ukwati unachitika pa 9 Juni 1962 m'tchalitchi chino cha Cyril Woyera. Ambuye anawadalitsa ndi ana awiri: Dennis mu 1963, Paulette mu 1966.

Mu 1965 khonsolo ya mzinda inagamula kuti pamangidwe bwalo limodzi la zamasewera loti lizigwira ntchito zonse. Chilimwe lizikhala la besibolo, masewera omenya mpira ndi ndodo, nyengo yachisanu lizikhala la mpira wonyamula m'manja, wogundana uja. Vuto linali lakuti masewera awiriwa sagwirizana malo. Besibolo amafuna bwalo lopanikizika pomwe pamaima womenya mpira ndi lotambasuka kutsogolo, pomwe mpira winawo umafuna bwalo lalitali la ngodya zinayi. Akuluakulu a kampani anajambula chimpanda chozungulira cha konkire, koma za m'kati anasiyira malemu, omwe panthawiyo anali asanakwanitse zaka makumi atatu. Iwo ndi amene anaganiza zoika zigawo ziwiri za mipando ya m'munsi pa njanji. Mathirakitala ankazikoka pang'onopang'ono, ndipo bwalo lomwe Loweruka munali besibolo, Lamlungu limakhala lasanduka lina.

Malo omwe khonsolo inasankha anali ku Kumadoko. Nyumba mazana anayi zinagwetsedwa, pamodzi ndi sukulu, malo ometera tsitsi ndi bekale ya bambo athu. Chinatsala ndi tchalitchi chino chokha, chifukwa chinali kunja pang'ono kwa mzere. Malemu si amene anasankha malowo, koma bambo athu zimenezo sankazimva. Anawapatsa dzina loti a Gumulani, ndipo anasiya kuyankhula nawo pamaso. Pa chakudya cha Khirisimasi ankauza amayi kuti, "Tawauzani a Gumulaniwo asendeze mchere kuno." Malemu ankasendeza mcherewo. Chaka chilichonse ankatumizira apongozi awo matikiti a mipando yabwino, chaka chilichonse matikitiwo ankabwerera. Bambo athu anamwalira mu 1974 asanapondemo phazi m'bwalo lija.

Bwalo linatsegulidwa mu Julayi 1970. Nyuzi zinalemba kuti mzinda wathu walowa m'tsogolo. Chaka chotsatira malemu anasiya ntchito ku kampani ija nakhala injiniya wamkulu wa bwalolo, ntchito yomwe anaigwira mpaka anapuma mu 1999. Ambiri a inu munalowamo. Mudzakumbukira kuti kupatula mpira munkabwera oyimba, alaliki a chitsitsimutso, anthu oonetsa njovu ndi akavalo, ndi mipikisano ya magalimoto ogundana. Zonsezi zikatha, malemu ndi anyamata awo ndi amene ankatsala kukolopa, kukonza ndi kukoka mipando. Ankati bwalo lija linali ngati bulu wa pakhomo: katundu aliyense amamukweza yekhayo.

Akafunsidwa za tsiku lomwe ankanyadira kwambiri, sankatchula masewera ayi. Ankatchula Malichi 1977, pamene mtsinje unasefukira ndi kumiza misewu yonse ya m'munsi. Iwo anatsegula zipata asanalandire chilolezo cha aliyense, ndipo mabanja ambirimbiri anakwera ndi mabulangete, agalu ndi mbalame za m'zitatanga, nagona m'makonde a m'mwamba mpaka madzi ataphwa. Ena a inu munali ana panthawiyo, ndipo ndakuonani muli muno.

Koma chinthu chikamakula, ochitamanda amachepa. Nyuzi zomwe zija zinayamba kulitcha bwaloli kuti Chibeseni, ndipo dzinalo linamatirira. Okonda besibolo ankadandaula kuti mipando ili kutali, osewera amaoneka ngati nyerere. Osewerawo ankadandaula ndi kapinga wapulasitiki woyalidwa pa konkire, yemwe anathetsa mawondo a anyamata angapo. Malemu sankakana zimenezi. Ankangoti bwalo lomangira ntchito ziwiri silingapose lomangira imodzi, ndipo amene anapempha ziwiri anali mzinda womwewu. Dzina loti Chibeseni nawonso ankalitchula, koma mlendo akalitchula ankakwinya nkhope.

Mu 1997 mwana wawo Paulette anasankhidwa kukhala khansala. Mwanayu anakulira m'bwalo lija. Homuweki ankalembera mu ofesi ya bambo ake pansi pa mipando, ndipo njinga anaphunzirira m'makonde ake. Mu 2001 chidutswa cha konkire chachikulu ngati filiji chinagumuka ndi kugwera pa njira yokwerera anthu. Mwamwayi linali tsiku lopanda masewera. Akatswiri atafufuza anapeza kuti mchere womwe unkathiridwa posungunula chisanu unadya zitsulo za m'kati mwa konkire m'malo ambiri. Nkhani yoti bwalo likonzedwe kapena ligwetsedwe inapita ku khonsolo, ndipo makhansala anagawanika pakati.

Paulette sanafune kuti bambo ake amve pawailesi. Anapita kunyumba Lamlungu masana, ine ndili pomwepo, nawauza kuti adzavota kuti ligwe. Malemu anayankha kuti denga likadontha amafolera, sagwetsa nyumba, ndipo iwo akudziwa chipilala chilichonse chomwe chingapulumuke. Paulette anati, "Bambo, konkire ija ikanagwa Loweruka, bwenzi pano mukuwerenga mayina a anthu. Sindingadikire yachiwiri." Malemu ananyamuka ndi kukalowa mu galaja. Mu Novembala khonsolo inavota, ndipo ofuna kugwetsa anapambana ndi voti imodzi.

Kuyambira pamenepo malemu anasiya kumutchula mwana wawo dzina. Anali a Khansala basi. Paulette akaimba foni, iwo ankapereka foniyo kwa mayi ake. Zinakhala choncho kupitirira chaka.

Kumayambiriro kwa 2003 kampani yomwe inapatsidwa ntchito yogwetsa bwalolo inabwera kudzapempha thandizo lawo. Ankafuna kuligwetsa ndi mabomba, kuti ligwere m'kati mwake lokha, chifukwa mbali imodzi kunali mlatho ndipo mbali inayi kunali tchalitchi chino. Mapulani akale anali nawo, koma pa zaka makumi atatu zambiri zinasinthidwa, ndipo wozidziwa anali malemu. Iwo anakana kawiri. Anati munthu sapemphedwa kukumba manda a chinthu chomwe analera. Amene anawatembenuza anali mlongo wanga Loretta. Anawauza kuti, "Ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi pakati pa inu ndi bambo anga, kunyamula mawu uku ndi uku. Tsopano mukufuna ndizinyamulanso pakati pa inu ndi mwana wanu? Ndatopa. Mwafanana ndi apongozi anu, kungoti inu buledi simudziwa kuphika." Lolemba lotsatira malemu anavala chipewa cholimba ndi kupita kubwalo.

Anagwira ntchito ndi anthu aja nyengo yonse ya chilimwe. Ali ndi zaka 67, ankayenda pansi ponse ndi chitini cha penti yofiira, kuika chizindikiro pa zipilala zoyenera kubooledwa ndi kufotokoza chomwe chasenza chinzake. Njanji zija anazizula pamodzi ndi anyamata awo akale. Mkulu wa kampaniyo, Bambo Royce Tillery, omwe ali nafe pano, anandiuza dzulo kuti masiku oyamba malemu sankadya ndi anthu, ankakadyera m'galimoto mwawo. Pofika mwezi wachiwiri ndi iwo amene ankabwera ndi masoseji a gulu lonse.

Bwalo linagwetsedwa pa 19 Okutobala 2003, Lamlungu m'mawa. Khonsolo inawapempha kuti adine batani, koma iwo anati ayi, nakaima tsidya la mtsinje pamodzi ndi khamu la anthu. Paulette anasiya malo a olemekezeka nabwera kudzaima pambali pawo. Mabomba anaphulika motsatizana, chimpanda chinagwada chigawo ndi chigawo, fumbi linakwera mpaka kuphimba mlatho. Anthu anakuwa ndi kuomba m'manja. Malemu anangogwira chitsulo cha m'mphepete mwa mtsinje ndi manja onse awiri.

Fumbi litachepa, tchalitchi chino chinaoneka chili chilili, osasweka ngakhale zenera limodzi. Koma kunaonekanso china. Chigawo chimodzi cha kumpoto, zipilala zisanu ndi masitepe ake, chinakana kugwa. Chinangoima chokha pakati pa zigumukire. Anthu anayamba kuseka. Malemu anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mwana wawo nati, "Waona, Paulette? Iwe unkati chonse n'chowola." Mwana analira, bambo anaseka, ndipo tonse tinapita kunyumba kukadya. Chigawo chija chinawatengera a Tillery masabata atatu kuti achigwetse ndi makina, ndipo malemu ankapita kukaonerera ndi nkhope yowala.

Sanavomerepo kuti khonsolo inachita bwino. Pamalopo anaikapo paki ndi mabwalo ang'onoang'ono a ana. Paulette atawatengerako tsiku lina ndi kuwafunsa maganizo awo, malemu anayang'ana ana akusewera, nangoti kapinga akumuthirira madzi ochuluka.

Mayi Loretta anatisiya mu 2012 atakhala m'banja zaka makumi asanu. Mu 2016 malemu anadwala sitiroko yomwe inafooketsa mbali ya kumanzere, ndipo anasamukira kwa Paulette, yemwe anawasamalira pamodzi ndi amuna ake, Bambo Gerald Ostrowski. Mu Febuluwale chaka chino mtima unayamba kuvuta. Anagonekedwa m'chipatala kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anapempha kuti abwerere kunyumba. Anamwalira Lachiwiri pa 9 Epulo 2019, atalandira masakramenti, ana awo onse awiri ali pambali. Anali ndi zaka 83.

Malemu asiya ana awiri, Dennis ndi Paulette, adzukulu asanu, zidzukulutudzi ziwiri, ndi mlongo wawo mmodzi, Mayi Agnes Sabol, omwe alephera kubwera chifukwa cha ukalamba.

M'malo mwa banja ndikuthokoza Bambo Mfumu ndi akwaya, anamwino omwe ankabwera kunyumba, makamaka Mayi Corinne Baptiste omwe anapirira zambiri, ndi amayi a parishi omwe akonza chakudya mu holo ya pansi. Ndikuthokozanso anzawo a kubwalo omwe anyamule bokosi, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu.

Malemu anasiya pempho limodzi lokha. Anati mwambo wawo uthe nthawi isanakwane 1 koloko, chifukwa masiku ano ndi a besibolo, ndipo sankafuna kuti munthu aziba kuyang'ana wotchi pamaliro awo. Timu yathu ikusewera masana ano. Choncho ine ndilekere pomwepa.

Alamu, mwagwira ntchito yanu. Mzimu wanu uuse mu mtendere.