Kabotolo ka Dokotala Damiana

Malemu amene tikuwaperekeza lerowa, Dokotala Damiana Wahba, anabadwa pa 9 Malichi 1968 kuno ku Naqada, m'banja la alimi a nzimbe. Sukulu anayambira konkuno, ndipo mu 1990 anamaliza maphunziro a sayansi ku Asyut ali oyamba m'kalasi mwawo.

Mu 1994 anakwatiwa ndi akulu anga, Bambo Nashed Tadros, amisiri a zamagetsi. Ine Bushra ndinalipo, choncho ndinene zoona: mayi athu, Mayi Tafida, sanawalandire ndi manja awiri. Ankati mwana wawo wawabweretsera mkazi wonunkha utsi, wopsereza buledi. Za buledizo sankanama.

Kuyambira mu 2010, alamu angawa ankatentha zotsalira za nzimbe zofinyidwa m'ng'anjo yotseka, kuti apeze makala opyapyala kwambiri otchedwa girafini. Ankafuna kuwaika m'mabatire kuti azidzaza msanga ndi mphamvu ya dzuwa, komanso asamafe ndi kutentha kwa kwathu kuno.

Mu Juni 2012, atavutika chaka ndi theka, anapeza ufa wa girafini wodzaza kabotolo kamodzi kakang'ono. Akuluakulu a kumalo ofufuzira za sayansi kumene ankagwira ntchito anali atawachenjeza kuti ufawo ukapanda kukapimidwa ku Cairo mwezi womwewo, ng'anjo apatsa ena. Anabwera nako kunyumba kuti Lolemba akwere nako sitima, n'kukaika pafupi ndi galasi. Lamulungu unali ukwati wa mlongo wathu Marina. Mayi atakaona kabotoloko anayesa ndi koholi, ufa wakuda uja amayi amapaka m'zikope. Anasangalala kuti mpongozi wawo wagulako chinthu chachizimayi, ndipo anapaka amayi khumi ndi anayi, kuphatikizapo mkwatibwi.

Malemu atafika pakhomo la tchalitchi anaona ntchito yawo yonse ikuwaphethirira. Mayi anawakodola n'kunena kuti, “Make Kirolos, ukagulenso wina. Ameneyu ndiye koholi, sakuyenderera ndi thukuta!” Iwo anangoti, “Mwakongola, Amayi.” Anakalira kuseri kwa tchalitchi, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Anaonetsetsa kuti onse asukusula bwinobwino, ndipo ife anatilumbiritsa kuti Mayi asadzamve, chifukwa manyazi ake akanawadwalitsa.

Ng'anjo ija analandidwadi. A Nashed anawamangira ina kuseri kwa nyumba, ndipo anayambiranso. Apa m'pamene Mayi anatidabwitsa. Popanda wowatuma, anayamba kuyenda ndi ngolo ya bulu m'mawa uliwonse kwa ofinya nzimbe, kutolera zotsalira, uku akukalipira aliyense wowapatsa zonyowa. Ife tinkangoti ukalamba wawafewetsa mtima.

Mu 2016 batire loyamba linagwira ntchito. Lero magetsi akazima, firiji ya pachipatala chathu siizima, ndipo mankhwala a odwala shuga sawonongeka. Malemu aphunzitsanso ophunzira makumi awiri ndi atatu, ena mukuwaona kumbuyoko, onse zikhadabo zakuda.

Mu Januwale chaka chino anapezeka ndi khansa ya chiwindi. Anatiletsa kuwalira ngati munthu wolephera mayeso. Anatisiya pa 4 Novembala m'mawa, kunyumba kwawo, amuna awo atawagwira dzanja.

Tikuthokoza Abuna, ansembe athu, ndi mpingo wonse, madokotala ndi anamwino, ofinya nzimbe amene atseka mashopu awo lero, ndi nonse amene mwatikhazika mtima pansi. Malemu asiya amuna awo, ana awiri, Kirolos ndi Verina, zidzukulu zitatu, komanso apongozi awo a zaka 88, amene akhala kutsogoloku.

Mwina mukudabwa kuti ndaphwanyiranji lumbiro. Dzulo masana Mayi anandiitana. Akuti anadziwa m'mawa mwake mwa ukwati uja, ataona mpongozi wawo akupala m'kabotolo kopanda kanthu ndi singano. Anakhala chete zaka zonsezi chifukwa mwana wa eni anali atawabisira manyazi, ndipo sanafune kumuwonongeranso ntchito yachiwiri. Ngolo ija kunali kupepesa kwawo, koma akuti pakamwa sanatulutse mawu, ndipo zikuwawawa. Andituma kuti ndinene pamaso pa nonse kuti: “Pepa, mwana wanga.”

Alamu, mwamva. Mzimu wanu uuse mumtendere.