Kusowa kwa Mai Weramani

Takulandirani, omvera athu, ku nthawi ya zilengezo. Sendezani wailesi pafupi, mwina uthenga wa lero ndi wanu.

Tiyambe ndi mbuzi. Mlimi wa kutsidya kwa mlatho wa njanji akudziwitsa anthu oyandikana nawo kuti mbuzi yawo yaikazi, yakuda, ya khutu long'ambika, yasowa kuyambira Lachiwiri. Akuti imakonda kudya sopo, choncho amene sopo akutha mosadziwika bwino pakhomo pake ayang'ane kuseri kwa bafa. Chilengezochi chachokera kwa eni mbuzi.

Mai oluka tsitsi a pa saluni ya chitseko chobiriwira, kuseri kwa msika, amene makasitomala awo amawatcha Mai Weramani, akudziwitsa onse kuti saluni ikhala yotseka kwa kanthawi kuyambira Lolemba likubwerali. Akuti achokapo kukaona abale. Akwatibwi amene anasungitsa kale malo asade nkhawa, mng'ono wawo wa maiwa awaluka kunyumba kwake. Akuti mng'onoyo dzanja lake ndi lolemera pang'ono, koma misozi ya tsiku limodzi siinaphepo mkwatibwi. Chilengezochi chachokera kwa Mai Weramani eniake.

*

Lero tiyamba ndi msonkhano wa pabanja. Bambo owotcherera zitsulo a pafupi ndi depoti ya basi, odziwika kuti Bambo Mageti, amene ndi amuna awo a Mai Weramani, akudziwitsa abale a mbali zonse ziwiri, apongozi awo, alamu awo aphunzitsi, azakhali a ana ndi achimwene awo oyendetsa lole, kuti akumane Lamulungu masana kunyumba kwawo, kuseri kwa shopu. Akuti mutu umodzi susenza denga. Akupemphanso abale amphamvu zawo kuti adzagone konko, chifukwa Lolemba m'mawa ena adzafunika kukapereka magazi ku chipatala chachikulu. Bambowa anabwera okha kuno, magalasi owotcherera ali pachipumi. Titawafunsa ngati titchule amene akufuna magaziwo, anatiuza kuti analonjeza kusanena. Ifenso tilekeza pomwepo. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Mageti.

*

Omvera athu, ichi n'chilengezo cha munthu wosowa, ndipo tikupempha mutchere khutu. Bambo Mageti akudziwitsa abale, abwenzi ndi aliyense wakufuna kwabwino kuti akazi awo, Mai Weramani, asowa. Anachoka ku chipatala chachikulu dzulo m'mawa, anesi akukonza diripi, pamene amuna awo anatuluka kukagula madzi akumwa. Tiwerenga monga alembera. Ndi aatali pang'ono, oderako, koma pano aonda kwambiri. Akudwala khansa ya m'mawere. Bere lakumanzere linachotsedwa pa opaleshoni, choncho amayenda dzanja lili pachifuwa. Tsitsi limene muwaone nalo si lawo, ndi wigi. Lawo linathothoka lonse ndi mankhwala, ngakhale nsidze alibe. Anyamula kachikwama kakuda, ndipo muli chipeso chofiira. Adokotala akuti mankhwala amenewa safuna kudukiza, akachedwa matenda amapeza mpata. Bambowa akuti afunsa kale m'madepoti, kutchalitchi, ngakhale ku nyumba ya chisoni, moti mapazi atupa. Amene awaone maiwa adziwitse apolisi apafupi kapena afike ku shopu ya mageti. Chilengezochi chachokera kwa amuna awo, pamodzi ndi ana.

*

Mng'ono wawo wa Mai Weramani akudziwitsa alamu awo, Bambo Mageti, kuti aleke kuzungulira. Akulu awo ali moyo, ali pamalo abwino, ndipo akudyako pang'ono. Akuti chilengezo chija akulu awowo anachimva. Anachimva ali m'basi, akubwerera okha ku chipatala atagona kwa mnzawo, wailesi ya dalaivala ili pamwamba. Anthu a m'basimo anayamba kutembenuka mmodzimmodzi kuyang'ana wigi ija. Anatsika pa siteji yotsatira, ndipo kuyambira pamenepo sanatulukenso m'chipinda. Pali mawu amene mng'onoyo watipempha tiwerenge osasintha: "Bambo a ana anga, ine ndinathawa singano tsiku limodzi lokha. Inu mwandivula pakati pa msika. Mwandiyeza ngati geti. Zaka zonsezi anthu akhala akundiweramira kuti ndiwakonze mitu, lero ndiwaonetse mutu uti?" Akuti ku chipatala sabwereranso, kunyumbanso sabwerera, ndipo asafunidwe. Chilengezochi chachokera kwa mng'ono wawo, m'malo mwa akulu ake.

*

Tisanawerenge chotsatirachi tinene kuti mwini wake wakhala pa benchi yathu panjapo kuyambira m'mawa, akulemba n'kumang'amba. Munthu wozolowera kupinda zitsulo uja lero pepala lamukanika. Ifenso amene tinawerenga chilengezo cha munthu wosowa chija mtima ukutipweteka.

Bambo Mageti akudziwitsa onse kuti analakwitsa, munthu amene anamufotokoza tsiku lija si amene akumufuna. Amene akumufuna ndi mai amene amaimba nyimbo za kwaya chipeso ataluma kukamwa. Akaseka amafuna pokhala. Pa utsikana wawo anakana mnyamata wina wowotcherera mageti chifukwa cha tsitsi losapesa, ndipo anamulola pokhapokha atakhala pa mpando n'kuwerama. Akuti maiwa, tsiku limene tsitsi lawo linayamba kutsalira m'chipeso chofiira chija, anachiyang'ana, n'kuchiika m'chikwama osachichotsa kanthu, ndipo sanapesenso nacho munthu. Bambowa anaona zonsezo ali pakhomo, koma anayerekeza kufunafuna nsapato. Akutinso mwana wawo wamkazi akukana kumasula tsitsi limene mai ake anamuluka komaliza, ngakhale lanyankhalala kale. Mawu awo ndi awa: "Mai a ana anga, madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Ndinali ndi mantha, ndipo ine mantha akandigwira ndimangodziwa kuyeza zinthu. Musandikhululukire ngati simungathe. Ndideni, koma mundide muli pa diripi." Adokotala akuti akuwadikira Lachisanu m'mawa. Chilengezochi chachokera kwa mnyamata wa tsitsi losapesa uja.

*

Amayi olukitsa tsitsi pa saluni ya chitseko chobiriwira, ogulitsa kumsika, aphunzitsi, akazi a abusa ndi a kwaya, akudziwitsa Mai Weramani, kulikonse kumene ali, kuti za matendawo anadziwa kale wailesi isananene. Akuti abale amene munati mukukawaona aja iwonso amawadziwa, amavala zoyera, ndipo ena mwa iwo munawaluka nokha. Akuti wigi ija anaiona kutchalitchi ili chopendekera, anangotsinana, akudabwa kuti katswiri wa mitu ya eni angalephere bwanji wake. Akudandaula kuti mitu yawo yafika pochititsa manyazi, ndipo mng'ono wanu uja watsala pang'ono kuwazula ndi khungu lomwe. Choncho Lachisanu m'mawa adzakhala pa chipata cha chipatala chachikulu kukudikirani, ndipo agawana kale masiku okhala nanu pamene diripi ikuyenda. Akuti mukapanda kubwera adzakhala pomwepo mpaka alonda awathamangitse, ndipo manyazi ake adzakhala anu. Chilengezochi chachokera kwa onse amene munawaweramitsa.

*

Eni mbuzi yodya sopo ija akudziwitsa anthu kuti inabwera yokha, ndipo ili ndi bere. Akuthokoza mwini tonde, kaya ndi ndani. Chilengezochi chachokera kwa iwo omwewo.

Bambo Mageti akuthokoza abale, anesi, amayi a pa saluni ndi onse amene anathandiza kufunafuna. Mai Weramani anafika pa chipata Lachisanu, atagwirana mkono ndi mng'ono wawo, kumutu atamanga kampango kokha. Akuti atawaona amuna awo sanawapatse moni. Anawayang'ana kumutu, n'kupukusa mutu wawo, n'kuloza benchi. "Weramani," anatero, ndipo anawakonza tsitsi ndi zala anthu onse akuona, kenaka analowa. Za mmene akupezera panopa, bambowa akuti sanenapo kanthu pa wailesi. Amene akufuna kudziwa akafunse eniake ku wodi ya amayi, nthawi yoona odwala. Ife tingoonjezera kuti bambowa lero afika kuno tsitsi lili lopesedwa bwino, koma maso ali ofiira. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Mageti.

*

Omvera athu, papita miyezi kuchokera pamene tinawerenga za banja ili, ndipo lero tabwera ndi uthenga wachisoni. Banja la Bambo Mageti likudziwitsa abale ndi abwenzi, apongozi, alamu awo aphunzitsi, azakhali a ana, achimwene awo amene ali pa ulendo ndi lole, a mpingo, a kwaya ndi makasitomala onse, kuti Mai Weramani atisiya dzulo masana ku chipatala chachikulu. Adokotala anayesetsa, maiwa nawo sanadumphenso tsiku la mankhwala, koma matenda anali atafika kale m'mafupa. Anamwalira amuna awo atawagwira dzanja, mng'ono wawo ndi ana ali pomwepo. Anthu akusonkhana kunyumba, kuseri kwa shopu ya mageti. Mapemphero adzakhala Loweruka m'mawa kutchalitchi chawo, ndipo thupi lidzadutsa pa saluni ya chitseko chobiriwira popita kumanda. Malemuwa anasiya mawu akuti asadzavekedwe wigi, chifukwa anthu awo anawaona kale. Chilengezochi chachokera kwa anamfedwa.

*

Chomaliza lero n'cha katundu wotayika. Bambo Mageti akudziwitsa anesi, okonza m'mawodi, ochapa zofunda, odikirira odwala ndi onse amene anali ku wodi ya amayi sabata yatha, kuti pa katundu wa malemu akazi awo amene anabwera naye kunyumba pasowa chinthu chimodzi. Ndi chipeso chofiira, chakale, chothyoka dzino limodzi kumapeto. Chinkakhala pansi pa pilo, mwina chinagwera kuseri kwa bedi kapena chinapita ndi zofunda. Akuti sakuganizira munthu aliyense zoipa, chipeso chotero palibe angachibe. Afunsa kale ku wodi kangapo, ndipo anesi awalola kuyang'ana pansi pa mabedi onse. Amene wachitola achipereke pa chipata cha chipatala, ku shopu ya mageti, kapena kuno kwathu. Bambowa akupempha chinthu chimodzi, ndipo atiuza tichinene kawiri. M'mano mwa chipesocho muli tsitsi pang'ono. Amene wachitola asachitsuke. Chonde, asachitsuke. Chilengezochi chachokera kwa amuna awo.