Ngalande Imene Ndinakumba Tsiku la Maliro

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya!

Mukundidziwa, ndine Phiri wa konkuno ku Mkanda, mkulu wa mpingo. Koma lero musanditchule mkulu. Ndaima pano ndi manyazi.

Munda wanga uli m'mbali mwa dambo. Kumunsi kwake kuli munda wa mayi Nabanda, amayi amasiye akhala kumbuyowo. Chaka chija mvula inanyanya, madzi anadikha m'chimanga changa. Masamba akusanduka achikasu, ine mtima uli m'mwamba. Ndinaona kuti ndikakumba ngalande, munda wanga upuma, koma madzi onse athamangira kwa a Nabanda. Ndinadziwa, abale. Ndisaname, ndinadziwa.

Nanga ndikumbe bwanji anthu akuona? Ndiye m'mudzi munagwa maliro. Mwambo wathu mukuudziwa: tsiku la maliro khasu siligwiridwa, kupatula la adzukulu kumanda. Ine ndinatumiza mawu kuti ndagona ndi malungo. Mudzi wonse uli kumaliro, ine ndili kumunda. Anzanga akukumba manda, ine ndikukumba ngalande. Mkulu wa mpingo!

Patapita masiku atatu kunagwa chimvula. Madzi anadutsa m'ngalande muja ngati mtsinje. Mtedza wa a Nabanda unapita. Chimanga chinapita. Kunatsala mchenga wokhawokha. Lamulungu lake, amene anatsogolera pemphero lowatonthoza ndi ine. Ndi pakamwa pomwepa! Njala italowa m'nyumba mwawo, mwana wawo Esitere anasiya sukulu, n'kukakwatiwa ku Zambia akadali wamng'ono, kuti pakhomo pachepe odya. Ine nkhokwe yanga ili tho.

Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chaka chotsatira ngalande ija inasanduka chigwembe. Madzi anadya munda wanga kuyambira pomwe ndinakumba paja. Sindinakolole kanthu. Ine amene ndinkalemba anthu ganyu ndinayamba kupalasa njinga kuwoloka malire, kukapalira m'minda ya eni ake ku Zambia, kumene sandidziwa.

Tsiku lina ndikupalira, ndinadzutsa mutu. Mzere woyandikana ndi wanga, a Nabanda! Nawonso pa ganyu. Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Dzuwa litafika paliwombo anandiitana pamthunzi, n'kunyema chinangwa chawo pakati.

"Idyani, a Phiri. Kodi malungo aja anatha?"

Ndinati, "Malungo ati, mayi?"

"A tsiku la maliro aja. Ndinabwera kudzakuzondani pochoka kumanda. Ndinakupezani mwafunda bulangete, mukubuula. Koma khasu lanu kuseri kwa chitseko linali ndi matope aawisi."

Abale, ndinaika chinangwa chija pansi. Nthawi yonseyi akudziwa! Akudziwa, koma akuvomera Amen pa mapemphero anga! Ndinagwada pomwepo, m'munda wa eni, ndinalira ngati mwana. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiulule.

Anati, "Ndinakusiyani m'manja mwa Mulungu. Iye sathamanga."

Anandikhululukira, abale. Ine wosayenera, anandikhululukira. Titabwerera kumudzi tinatseka chigwembe chija ndi miyala, tinabzalamo udzu wa vetiva ndi nsungwi. Ndinawagawira mbali yakumtunda ya munda wanga, ndipo timalima mothandizana. Chakudya chilipo. N'chochepa, koma chilipo. Ndikuthokoza Mulungu kuti sanandilole kufa ndi bodza langa.

Ayi, musaombe m'manja, sindinamalize. Chigwembe tinatseka, koma Esitere kusukulu sanabwerere. Mwezi wathawu anabwera kudzaona amayi ake, khanda lili kumsana. Tinakumana panjira ya kuchigayo. Anandigwadira mwaulemu, n'kunena kuti, "Muli bwanji, ababa?"

Ndinayang'ana khanda lija, n'kukumbukira ngalande yanga. Mundipempherere, abale. Amen.