Akavalo a Msuweni

Ku Mukuni Park, pakati pa njovu ndi mvuu zosema, mnyamata wina anatulutsa mobisa kachidole kapulasitiki kothyoka mwendo, n'kuonetsa mayi wogulitsa ziboliboli.

"Ba mayi, mungandisemere kavalo ngati uyu? Ni wa Tionenji, chibwenzi changa. Ndamuthyola, ndipo iye sanadziwe."

"Kavalo wapinki, watsitsi lopesa ngati mkwatibwi? Mtsikana wamkulu ndithu?"

"Amawasonkhanitsa. Uyu ni wa ku Germany, wamaso obiriwira. Wa ku Brazil ni wofanana naye, koma tsitsi ni lachikasu. Sapezeka wamba."

"Ife timasema nyama zenizeni zodya udzu, mwanawe. Tenga mbidzi, ukafufute mizereyo."

"Adzazindikira. Amawapukuta m'mawa uliwonse, ndipo ine salola kuti ndiwagwire."

"Nanga akavalo a mayiko onsewa amawapeza bwanji, iye ali konkuno?"

"Amamutumizira msuweni wake, wogwira ntchito m'sitima zapanyanja. Doko lililonse limene wafika, amagula kavalo."

"Msuweni wake, mwana wa amalume ake? Kwawo n'kuti Tionenjiyo?"

"Ku Katete."

"Inu obadwira m'tauni mumamvetsa chisoni. Kwathuko mwana wa amalume amatchedwa mwamuna wako kuyambira uli kumbuyo kwa amako. Akakufuna, akuluakulu sakaniza."

"Koma anandiuza kuti ni m'bale chabe."

"Iwe amakusamala ngati mmene amasamalira tizidoleti?"

"Ine ndine munthu, ba mayi."

"Ndiye mwendowo usakuvute. Akavalowo ali ndi mwini wake, iwe ukungolondera khola."